Foni ya pa 15 Juni

Usiku wa pa 14 Juni 2023 m'nyumba mwathu kuno ku Indiana palibe anagona msanga. Mwana wathu wachisamba, mtsikana wosambira amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 16, anakhala pabalaza atafumbata foni ngati wagwira mwanapiye. Mayi ake anali kukhitchini, akutsukanso mbale zotsuka kale. Ine ndinkanamizira kuonera TV. Itangokwana 12 koloko, foni ija inayamba kunjenjemera. Uthenga, winanso uthenga, kenako imelo. Pomwe kunkacha n'kuti makochi a mayunivesite 7 atalemba, awiri atapempha kale nthawi yoti aimbe.

Tsikuli ndi lachabechabe kwa anthu ambiri mu America muno, kupatula mabanja a ana amasewera. Bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewero a m'mayunivesite, limaletsa makochi a gawo lalikulu lotchedwa Division I kukambirana ndi mwana wosambira zomutenga, mpaka pa 15 Juni mwanayo atamaliza chaka chachiwiri cha sekondale. Sekondale ya kuno ndi ya zaka zinayi, ndiye kwathu tikanati wangomaliza Fomu 2. Tsikuli lisanafike mwana akhoza kulemba maimelo ochuluka bwanji, kochi amangowerenga n'kusunga. Likangokwana, mwana amadziwa usiku womwewo ngati ali mbeta yofunidwa kapena ayi. Anzake ena a mwana wathu anachezera mpaka m'bandakucha, foni ili zii.

Mawu akuti mbeta ndawasankha dala. Ndayesa njira zambiri zofotokozera abale kumudzi mmene nkhaniyi imayendera, ndipo imene imamveka ndi imodzi yokha: kumeneku n'kufunsira. Pali ofunsira okoma pakamwa, pali ankhoswe, pali kukaona kwawo kwa mwamuna, pali kutomerana. Chimene ine ndinachedwa kuzindikira n'choti kutomerana kwake n'kopanda chikole.

Ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo kusambira sindinaphunzitsidwe ndi munthu. Wamkulu akakukankhira m'madzi kuchokera pa bwato, manja ndi miyendo zinkadziwa zokha chochita. Wotchi kunalibe. Katswiri anali amene wafika kutali n'kubwerera osamwa madzi. Choncho nditawauza mayi anga pafoni kuti mdzukulu wawo amadzuka 4:30 m'mawa kupita kukasambira sukulu isanayambe, madzulo n'kubwereranso, anakhala kaye chete. Kenako anati, “Iwe, mwanayo akuthawa chiyani m'madzimo? Kulinso ng'ona kumeneko?” Nditati mwina kusambirako kudzamulipirira fizi ya ku yunivesite, anaseka mpaka kutsokomola.

Kusambira kwa m'masukulu a kuno kuli ndi muyeso wakewake. Kwina konse anthu amapikisana m'maiwe a mamita 50 kapena 25, koma kuno dziwe la sukulu ndi la mayadi 25, omwe ndi mamita 22.86. Ine mayadi ndinkawadziwira m'sitolo ya nsalu, sindinkaganiza kuti ndidzawapeza m'madzi. Kufupika kwa dziweli kumasintha masewero onse. Khoma limabwera pafupipafupi, ndipo malamulo amalola wosambira freestyle, butterfly kapena chagada kuyenda pansi pa madzi mpaka mamita 15 akangodumpha kapena kutembenuka, akukupiza miyendo ngati nsomba. Pa mamita 22.86 chotsanipo 15, muona kuti katswiri weniweni amangovuuka kanthawi kochepa. N'chifukwa chake kochi akabwera kudzaona mwana, sataya nthawi ndi pakati pa dziwe. Amakaima pafupi ndi khoma, n'kumayang'ana katembenukidwe.

Mwana wathu ndi wa mitunda italiitali: mayadi 500 ndi mayadi 1,650, omwe kuno amangoti mailo. Mailoyo n'kudutsa dziwe maulendo 66. Wosambira sangakwanitse kuwerenga yekha, ndiye wina amagwada kumapeto kwa dziwe ndi chikwangwani cha pulasitiki cha manambala, n'kumachiviika m'madzi wosambirayo akamayandikira: 1, 3, 5, mpaka ulendo womaliza pamene amaonetsa mbali yofiirira yopanda nambala. Ntchito imeneyi ndinaigwira ine zaka zisanu. Maondo a thalauza lililonse limene ndili nalo anayera ndi mankhwala a m'dziwe. Ndinaphunzira kugwedeza chikwangwanicho m'mwamba ndi pansi akamachedwa, ndiponso kuchiimika phee akamayenda bwino, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndi mmene bambo ndi mwana wake wa zaka za usinkhu wovuta uja anakambirana nkhani zambiri popanda kukangana.

Kwa ofunsira, zonsezi zinali nambala imodzi: 16:48, kutanthauza mphindi 16 ndi masekondi 48, nthawi yake pa mailo. Pali tsamba la pa intaneti lotchedwa Swimcloud limene limasonkhanitsa nthawi za ana onse osambira n'kuwaika pa mndandanda, dera ndi dera, chaka ndi chaka. Tsamba lina la nkhani, SwimSwam, limasindikiza mayina 20 a ana ofunidwa kwambiri m'kalasi iliyonse. Kusambira kulibe zokondera za kumpira zoti uyu amaoneka ngati waluso. Wotchi imawerenga mpaka kachigawo ka 100 ka sekondi, ndipo siidziwa kuti bambo wako ndi ndani. Poyamba zimenezi zinkandisangalatsa. Mlendo ngati ine, wopanda amalume m'maofesi, ndinkaona kuti wotchi ndi mnzanga.

Ndiye panabwera masamu a ndalama, ndipo apa ndipamene makolo ambiri timadziwira kuti tinkalota masana. Mwa malamulo amene analipo nthawi imeneyo, timu ya atsikana ya Division I inkaloledwa kupereka masikolashipu 14, ya anyamata 9.9 basi. Kusiyanaku kunachokera ku lamulo la 1972 lotchedwa Title IX, lomwe limati sukulu yolandira ndalama za boma isasale akazi. Poti mpira wawo wa football unkadya wokha masikolashipu 85 a anyamata, masewero enawo ankapendekera kwa atsikana kuti sikelo ilingane. Koma timu yosambira imakhala ndi anthu ochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu manambala amenewa, kuphatikizapo odumphira m'madzi kuchokera pamwamba. Choncho kochi ankagawa 14 uja ngati nkhuku imodzi pa mwambo wa chinkhoswe: uyu theka, uyu kota, uyu ndalama ya mabuku yokha, uyu khosi. Ena ankangololedwa kulowa mu timu popanda khobidi. Ndipo pali mayunivesite kuno amene chaka chimodzi, fizi ndi malo ogona pamodzi, zimapitirira madola 80,000.

Ntchafu ya nkhukuyo imapita kwa ndani? Kwa othamanga mitunda ifupiifupi. Pa mpikisano waukulu wa NCAA wa mu Malichi, mapointi amaperekedwa kwa anthu 16 oyambirira, woyamba kulandira 20. Koma mipikisano yopatsirana ya anthu anayi ilipo isanu, ndipo mapointi ake amawirikiza kawiri. Mtsikana wothamanga mayadi 50 ndi 100 akhoza kulowa m'mipikisano yopatsirana inayi, kuwonjezera pa itatu yake. Wa mailo amavutika mphindi 16 kuti abweretse mapointi a mpikisano umodzi. Kochi mmodzi anandiuza zimenezi mosabisa titakhala mu ofesi mwake, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha chilungamocho, ngakhale kuti pobwerera m'galimoto munali bata ngati tikuchokera kumaliro.

Kuyambira pa 1 Ogasiti malamulo amalola ulendo wokaona sukulu, yunivesiteyo ikulipira. Tinapita maulendo atatu. Onse amafanana: chakudya chambiri, chipinda chonyamulira zitsulo chonyezimira, masewero a football Loweruka m'bwalo lodzaza anthu, mwana wako akuyendetsedwa m'mphepete mwa bwalo ngati mlendo wolemekezeka. Amagona m'chipinda cha atsikana a mu timu, ndipo Lolemba lake kochi amawafunsa atsikanawo ngati mlendoyo ndi munthu wokhala naye. Nkhoswe wathu pa zonsezi anali kochi wa kalabu yake, bambo wina wachikulire amene wakhala m'mphepete mwa dziwe zaka zoposa 30. Anatichenjeza kamodzi kokha: “Zomangamanga musaziyang'ane. Yang'anani atsikana a chaka chachitatu ndi chachinayi. Akuthamangabe kuposa mmene anabwerera? Akusekabe?” Kwathu tikanangoti chikomekome cha mkuyu.

Amene anamukopa mwana wathu sanali kochi wamkulu, koma wothandizira wake, mayi wina wachitsikana amene ankayang'anira gulu la mitunda italiitali. Anabwera kudzamuona pa mpikisano wina umene mwanayo anasambira moipa kwambiri, mochedwa ndi masekondi 20. Tinkaganiza kuti zathera pomwepo. Madzulo ake mayiyo anaimba n'kunena kuti sanabwerere nthawi, nthawi anali nazo kale pa kompyuta. Anabwera kudzaona chimene mwanayo amachita zikamukanika. Anamuona atatuluka m'madzi, kupita kukasambira pang'onopang'ono kuti thupi lizizire monga mwa lamulo, kenako n'kukagwada kukawerengera mnzake. Anamuuzanso kuti mkono wake wamanzere umaterereka m'madzi akatopa, kuyambira cha pa ulendo wa 40, chinthu chimene ine wogwada pamenepo zaka zisanu sindinachionepo. Mu Okutobala 2023 mwanayo anavomera. Anajambulitsa atavala chipewa cha sukuluyo, n'kuika pa Instagram. Ife tinauza mpingo wonse.

Kuvomera kumeneku n'kwa pakamwa chabe. Pepala limasainidwa mu Novembala wa chaka chomaliza cha sekondale, kutanthauza kuti pakati pake panali miyezi 13 yodalira mawu a munthu. Makochi ena onse anatiyamikira mwaulemu n'kupereka malo athu kwa ena.

Apa ndiime kaye pa kochi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mu mpira kochi amasankha osewera n'kukonza kaseweredwe. Mu kusambira kochi amakonza thupi lenilenilo la munthu. Kuyambira Sepitembala amamutopetsa dala wosambira, makilomita ambirimbiri pa sabata, zitsulo, kudzuka kusanache, mpaka mwana amagona m'kalasi. NCAA imati zisapitirire maola 20 pa sabata, koma pali zolimbitsa thupi zina zotchedwa zodzifunira, zimene aliyense amadziwa kuti wosabwera adziwika. Kenako kutatsala masabata ochepa kuti mpikisano waukulu wa mu Febuluwale kapena Malichi uchitike, kochi amayamba kuchepetsa ntchito pang'onopang'ono kuti thupi lotopa lija lidzuke ndi mphamvu zonse pa tsiku loikika. Amati taper. Akachepetsa msanga, mwana amafika atazilala. Akachedwa, amafika ali wolemera ngati thumba la chimanga. Ndipo thupi lililonse lili ndi nthawi yake, wina masiku 10, wina masabata atatu. Zili ngati kuphika thobwa: muyeso ulipo, koma wodziwa amaona ndi maso ndi mphuno. Chaka chonse cha mwana chimapachikika pa diso la munthu mmodziyo.

Mayina akuluakulu a masewerowa ndi a anthu a diso lotere. Konkuno ku Indiana, Doc Counsilman anapambana zikho 6 zotsatizana za NCAA kuyambira 1968 mpaka 1973, Mark Spitz ali m'gulu la ana ake. Eddie Reese anakhala ku Texas kuyambira 1978 mpaka 2024 n'kutenga zikho 15 za anyamata. Todd DeSorbo anafika ku Virginia mu 2017, timu ya atsikana isanalaweko chikho, ndipo kuyambira 2021 mpaka 2025 anachitenga kasanu motsatizana ndi Kate Douglass komanso pachibale Alex ndi Gretchen Walsh. Kumeneko mpaka pulofesa wa masamu, Ken Ono, ankamangirira tizipangizo pa matupi a osambira kuti aone pamene liwiro likutayikira. Anthony Nesty wa ku Suriname, amene anagonjetsa Matt Biondi ndi kachigawo kamodzi ka 100 ka sekondi ku Seoul mu 1988, lero ndi kochi wamkulu ku Florida kumene anasambira ali wophunzira, ndipo mu 2024 anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya amuna ya America ku masewero a Olympic. Koma mphamvu yomweyi ili ndi kuseri kwake. Teri McKeever, amene anatsogolera timu ya akazi ya America ku London mu 2012, anachotsedwa ntchito ku yunivesite ya California ku Berkeley mu Januwale 2023, kafukufuku atachitika pa madandaulo a osambira ambiri oti ankawazunza ndi mawu. Ena mwa atsikanawo anakhala chete zaka, chifukwa munthu amene wagwira sikolashipu yako ndi yemweyo wagwira wotchi yako.

Onani tsono mmene akatswiri amachitira. Kirsty Coventry, mnansi wathu wa ku Harare, anapita ku Auburn ku Alabama, kumene anaphunzitsidwa ndi David Marsh ndi Kim Brackin, n'kuthandiza timuyo kutenga zikho mu 2003 ndi 2004. Anapata golide ku Athens pa mamita 200 chagada. Brackin atasamukira ku Texas, Coventry anamulondola ku Austin, ndipo ku Beijing mu 2008 anatenganso golide. Lero ndi pulezidenti wa International Olympic Committee, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa mpandowo. Léon Marchand wa ku Toulouse ku France anachita kulemba yekha imelo kwa Bob Bowman, kochi amene analera Michael Phelps, kupempha malo ku Arizona State. Sanakopeke ndi chipululu cha Arizona. Ankafuna munthuyo. Mu 2023 ku Fukuoka anaswa mbiri ya dziko lonse yomaliza imene Phelps anali nayo payekha, ya mamita 400, ndipo ku Paris mu 2024 anatenga golide kanayi.

Pa 30 Malichi 2024, mu mzinda wa Indianapolis, Arizona State inatenga chikho chake choyamba cha anyamata. Ndi timu imene yunivesite yake inaithetsapo mu 2008 chifukwa cha ndalama, mpaka anthu akufuna kwabwino anachita kusonkha kuti ibwerere. Patangopita masiku awiri, pa 1 Epulo, kunamveka kuti Bowman akupita ku Texas kukalowa m'malo mwa Reese. Ambiri tinkayesa nthabwala za tsiku lopusitsana. Sizinali nthabwala. Marchand anamutsatira. Hubert Kós wa ku Hungary anasamutsa maphunziro ake n'kumutsatiranso, ndipo mu 2025 Texas inatenga chikho. Kuyambira 2018 pali kaundula wotchedwa transfer portal, mmene wophunzira amalembetsa kuti akufuna kusamuka, ndipo kwa munthu ngati Kós chitseko chilichonse chimatseguka chokha.

Kochi wamkulu akasuntha, mipando imagwedezeka mpaka kumunsi. Wina amalowa m'malo mwake, winanso m'malo mwa ameneyo, aliyense akutenga omuthandiza. Chilimwe cha kuno chisanathe, mayi wothandizira kochi uja anaimba foni. Anali atapeza ntchito yapamwamba kusukulu ina kutali. Analira, mwana wathu analiranso. Kumeneko malo a mailo anali atadzaza kale. Sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, nayenso ali ndi lendi yolipira, ndipo ntchito ya wothandizira kochi ndi ya malipiro ochepa ndi masutikesi osamasula. Koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti tinasankha munthu, pomwe pepala limene tinkayembekezera linali la sukulu. Katswiri amanyamula katundu n'kulondola kochi wake. Mwana wa 16:48 amatsala pakhomo pa eni, amene anamubweretsa atachoka.

Mu Juni chaka chomwecho tinapita ku Lucas Oil Stadium kukaonera mpikisano wosankha timu ya Olympic. Anamanga dziwe m'bwalo la football, anthu oposa 20,000 akukuwa. Mwana wathu ankaloza osambira mmodzimmodzi n'kutchula sukulu zawo ndi makochi awo ngati akutchula mafuko. Ndinaona kuti moto udakalipo, ndipo ndinadziuza kuti zikhala bwino.

Sindinkadziwa kuti kukhothi ku California kunali mlandu umene ukubwera molunjika pabalaza pathu. Mu 2020 gulu la ophunzira amasewera linasumira NCAA kuti mayunivesite akupanga ndalama zankhaninkhani kudzera m'mayina ndi nkhope zawo pa TV, iwo osalandira kanthu. Dzina loyamba pa mlanduwo ndi la Grant House, ndipo chodabwitsa n'choti iyeyu si wa football kapena basketball. Ndi wosambira wa ku Arizona State. Mu 2024 mbali ziwirizi zinagwirizana: madola pafupifupi 2.8 biliyoni aperekedwe kwa osewera akale m'zaka 10, ndipo yunivesite iliyonse yolowa m'panganoli iloledwe kugawira osewera ake ndalama zofika madola pafupifupi 20.5 miliyoni chaka choyamba. Malire akale a masikolashipu anachotsedwa, m'malo mwake n'kuika malire a chiwerengero cha anthu mu timu. Kusambira anaika 30 atsikana, 30 anyamata. Chigawo cha SEC, gulu lina la mayunivesite akuluakulu opikisana okhaokha, chinatsitsanso anyamata kufika pa 22.

Pa pepala zikuoneka ngati phwando: kuchoka pa 14 kufika pa 30 onse olipiridwa. Koma kuloledwa kupereka n'kosiyana ndi kukhala nazo zoperekazo, ndipo ndalama zambiri zikupita kumpira umene umazibweretsa. Chimene chinafika msanga ndi lumo. Matimu ambiri anali ndi anthu oposa 30, ndipo oyamba kumetedwa anali amene sanafike n'komwe, opanda pepala, opanda wowalankhulira.

Foni inalira Lachiwiri lina mu Okutobala 2024, kutatsala masabata atatu kuti asaine. Anali kochi wamkulu, munthu amene m'chaka chonsecho analankhula ndi mwana wathu kanayi mwina. Sanazungulire. Anati malo achepa, akupepesa, ali wokonzeka kuimbira anzake mafoni. Zonse zinatenga mphindi zisanu ndi chimodzi. Mwanayo anatuluka m'chipinda n'kunena kuti, “Adadi, andichotsa,” kenako anakatenga chikwama chake chifukwa 5 koloko kunali kusambira. Ndinamuperekeza. Ndinakhala m'galimoto panja maola awiri, ndikulemba ndi kufufuta imelo imene ndikuthokoza Mulungu kuti mayi ake anandiletsa kutumiza. Anati, “Bambo, ukayenda siya phazi. Makochiwa amadziwana onse.”

Ndinakhala masabata ndikufuna munthu womukwiyira. Ambiri pa intaneti anasankha Grant House, ndipo anamutukwana zosaneneka. Ine zinandikanika. Mnyamatayo ananena zoona: kochi wa football amalandira mamiliyoni, mwana amene akuthyoka bondo pa TV osapatsidwa kanthu. Malire a 30 sanawalembe iyeyo, anawalemba maloya ndi akuluakulu a zigawo. Ngakhale woweruza, mayi Claudia Wilken, anakana kuvomereza panganolo mu Epulo 2025 mpaka pakhale chitetezo cha ana amene akutaya malo, ndipo pomwe ankalivomereza pa 6 Juni, anali atawonjezeramo kuti ana otere asawerengedwe pa malirewo. Koma sukulu sizinakakamizidwe kuwabwezeretsa, ndipo kwa ife madzi anali atatayika kale. Choonadi chimene sindinkafuna kuchiona n'choti kusambira m'mayunivesite kwakhala kukudya nyenyeswa za patebulo la football kwa zaka zambiri. Iowa ndi Michigan State analengeza zothetsa matimu awo mu 2020 nthawi ya mliri, ngakhale kuti ku Iowa atsikana anapita kukhothi ndipo timu yawo inabwerera. Cal Poly inathetsa yake mu Malichi 2025, ikutchula panganoli ngati chimodzi mwa zifukwa. Dziko limene limatenga mamendulo ochuluka a kusambira ku Olympic limaphikira akatswiri ake, ndi a mayiko ena omwe, pa moto wobwereka.

Kufunsira kwachiwiri kunali kosiyana, chifukwa tsopano ofunsira tinali ife. Nkhoswe wathu wachikulire uja anatenga foni n'kuyamba kuimba. Anatikumbutsa kuti kunja kwa Division I kuli Division II ndi Division III. Gawo lachitatuli silipereka sikolashipu ya masewero ngakhale tambala, monganso mayunivesite otchuka pa maphunziro a gulu la Ivy League, koma limapereka thandizo potengera magiredi ndi kapezedwe ka banja, ndipo thandizo lotere silichoka phewa likavulala kapena kochi akasamuka. Komanso kumeneko si kosewera. Kenyon College, kasukulu ka m'mudzi wa Gambier ku Ohio, inatenga chikho cha anyamata zaka 31 zotsatizana, kuyambira 1980 mpaka 2010. Ndivomere kuti chimene chinkandivuta sichinali tsogolo la mwana, koma manyazi anga. Ndinali nditauza mpingo wonse dzina la sukulu ya pa TV. Tsopano ndikanena chiyani, dzina limene ngakhale Amereka eni ake amafunsa kuti lili kuti?

Ulendo uno mafunso ndinali nawo ine. Kochi aliyense ndinkamufunsa kuti wakhala zaka zingati pamenepo, nyumba ndi yake kapena ya lendi, ana ake amaphunzira kuti. Mayi ake ankandiponda phazi pansi pa tebulo. Mmodzi, bambo wa imvi wa pa koleji ina yaing'ono ya maola anayi kuchokera kwathu, anaseka n'kunena kuti wakhalapo zaka 19, ndipo mkazi wake anabzala mitengo ya maapozi imene sangaisiye. Kenako anatembenukira kwa mwana wathu n'kumufunsa funso limene palibe anali atamufunsapo m'miyezi yonse ija: ngati nthawi yake itakana kutsika ngakhale sekondi imodzi m'zaka zinayi, adzafunabe kudzuka 5 koloko? Mwanayo anaganiza nthawi yaitali ndithu, mpaka ine kuyamba kutuluka thukuta. Anati sakudziwa. Bamboyo anati yankho limenelo ndi limene amalikhulupirira, ndipo anamuuza za mkono wamanzere uja, womwe anali atauona kale pa vidiyo.

Titawerengetsa, ndalama imene tikulipira kumeneko ikuposa pang'ono chabe imene tikanalipira kusukulu yaikulu ija ndi kota yawo ya sikolashipu. Ndinabwereza masamuwo katatu poganiza kuti ndalakwitsa.

Mu Novembala 2025 tinapita kukaonera mpikisano wake woyamba wa pakhomo. Dziwe la mizere 8, mabenchi a matabwa, makolo osakwana 60, fungo la mankhwala lomwe lija. Itakwana nthawi ya mtunda wautali ndinadzidzimuka nditaimirira kale kuti nditsike, koma kumapeto kwa mzere wachinayi kunali kutagwada mtsikana wina wa chaka chachinayi, chikwangwani chili m'manja. Ndinakhalanso pansi, manja akusowa chogwira. Ndinawerenga chamumtima. Cha kumapeto ndinayang'anitsitsa mkono wamanzere, ndipo unali ukugwirabe madzi. Atagunda khoma sanayang'ane bolodi la nthawi, anayang'ana kwa bambo wa imvi uja, amene anangokweza zala ziwiri, chizindikiro chimene tanthauzo lake akulidziwa awiriwo.

Pobwerera mayi ake anatumiza kavidiyo ku Nkhotakota pa WhatsApp. Tili pafupi kufika kunyumba, usiku, kwathu kukucha, yankho linabwera la mawu. Anali agogo ake, tambala akulira chakumbuyo: “Ndamuona mdzukulu wanga. Koma akuthamanga! Ng'ona ija sinamupezebe?”